Kachidebe ka pa tebulo la vinyo

Anzanga, yambani mwamva kaye musanandiseke. Bwana wathu ku ofesi, mayi wachimereka amene ankayenera kusayina kontrakiti yanga yatsopano, anatitenga Loweruka lina kukalawa vinyo wofiira ku munda wa mphesa kupitirira Fairfax, kumapiri a Virginia kuja. Munda wa banja limodzi kuyambira makolo awo, nyumba yamiyala, ndipo wotilandira anali mwini wake, bambo wokalamba wa imvi mbuu. Ine m'galimoto ndinali nditadzitama kale kuti za vinyo ndimazidziwa. Kuzidziwira kuti? Pa mgonero wa ku tchalitchi ku Zomba?

Atatithira pang'ono m'matambula, ine ndinangopapira kamodzi. Kucheuka, anzanga onse a ku ofesi akadanunkhiza, akuzunguza matambula awo. Anandithiranso, ndikuti nane ndizunguze, theka lonse linathera pa malaya anga oyera. Mkuluyo atafunsa fungo lomwe ndikumva, ndinati bwemba. Anafunsa ngati limenelo ndi dera la ku France, ine n'kuvomera.

Ndiye kunabwera tchizi ndi buledi. Pa tebulo panali jagi ya madzi ndi kachidebe kasiliva. Tandiuzani, munthu woleredwa bwino akaona jagi, chidebe ndi chakudya, amatani? Ndinanyamuka, n'kutenga jagi ndi kachidebeko, n'kuwerama mwaulemu, n'kuyambira kwa wamkulu. Mkuluyo anandiyang'ana, anayang'ana bwana, kenaka anatambasula manja. Ndili mkati mothira ndi pomwe ndinaona kuti pansi pa kachidebeko pali zofiira, za thovu.

Bwana anandinong'oneza kuti, "Chimenecho n'cholavuliramo vinyo ukalawa."

Kulavula vinyo amene banja lamusunga m'migolo zaka zonsezo! Koma kusiyira panjira ndinakana. Ndinazungulira tebulo lonse, ngakhale bwana yemwe anasamba, ndipo nditakhala pansi ndinawauza kuti, "Kwathu sitidya osasamba m'manja, komanso chakumwa cha mwini nyumba sitilavula."

Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola, n'kundipatsa botolo kuti ndikamwere kunyumba, kutali ndi zidebe zake. Kontrakiti inasayinidwa, koma mpaka lero ku ofesi kukabwera chakudya, aliyense amanditambasulira manja.

Zolawa vinyo ndinasiya, sindidzapondakonso. Koma kupepesa ayi. Pa tebulo lija panali anthu akuluakulu asanu ndi awiri olavulira m'chidebe chimodzi, ndiye wamanyazi ndikhale ine?