Ziwindi za Saulos Zili mwa Ife

Sparkhill, Birmingham
12 Ogasiti 1996

Kwa Bwana Mkulu wa Dipatimenti Yofufuza Ziwindi,

Zikomo bwana, ndakhala pansi. Ndine Albert Chimkwende, wolongedza makatoni kufakitale ina ku West Bromwich. Sukulu ndinalekeza Sitandade 8. Wophunzira wanu Saulos ndi mwana wa mlongo wanga. Ndinakulemberani m'Chingerezi pa 16 ndi pa 29 Julaye, simunayankhe. Mwina Chingerezi chakukolani, ndiye ndayesa Chichewa.

Choyamba, tikuthokoza kuti munamutenga mwanayu ku Ntcheu kudzaphunzira chiwindi cha wolabi, kanyama ka ku Australia kosunga mwana m'thumba la pamimba. Kwathu kulibe, kuno kulibenso. Iye akuti m'chiwindi muli tinthu totchedwa maenzaimu timene timaphwanya mahomoni, monga aja omeretsa ndevu, ndipo akufufuza ngati ta wolabi timagwira ntchito mofanana ndi ta munthu. Zaka zitatu wakhala akupera ziwindi. Mayi ake amauza anthu kuti ndi dokotala. Sitinawatsutse.

Chachiwiri, tikuyamika nzeru zanu pa nkhani ya firiji ya kulabu, kuchipinda chanu choyezera zinthu. Inayamba kulira ngati chigayo mu Febuluwale, ndipo Saulos anakuuzani. Inu munaona kuti chofulumira ndi kapeti ya mu ofesi yanu. Ndinaiona tsiku limene munakana kundiona. Ndi yofewa ndithu. Firiji inafa Lachisanu pa 28 Juni, ndipo munauza ophunzira kuti aliyense atenge zake akasunge kunyumba.

Chachitatu, lamulo lanu loti matumba azilembedwa manambala okha, osati dzina la nyama, ndi labwino kwa anthu ophunzira. Koma m'nyumba mwathu tikukhala mabanja atatu, firiji imodzi, ndipo kwathu ndiwo sizikhala ndi mwini. Loweruka pa 6 Julaye tinali ndi phwando lokumbukira ufulu wa dziko lathu. Alendo anachuluka, nkhuku zinachepa. Saulos anali kulabu, kutsuka mabotolo monga munamutuma. Mkazi wanga Flossie anapeza m'firiji matumba a chiwindi amene Saulos anabwera nawo, nkuyesa kuti wina wagula kubutchala ya pa Stratford Road. Anakazinga ndi anyezi ndi tomato.

Chiwindi sadya ana, bwana, chimapita kwa akulu. Tinadya anthu asanu ndi awiri, kuyambira a Bishop a mpingo wathu otsogolera mapemphero, amene anayamba adalitsa. Chinali chouma pang'ono, koma palibe anadandaula.

Chachinayi, tagoma ndi changu chanu. Dipatimenti imene inamvetsera firiji ikulira miyezi inayi inamuweruza Saulos pa 15 Julaye, mbale tisanabweze nkomwe kwa eni ake. Munalemba kuti ndi wosasamala ndipo maphunziro ake athera pomwepo. M'kalatamo mawu oti firiji mulibe. Ndinawerenga kawiri ndi chala. Viza yake ikutha pa 30 Seputembala. Mnyamatayu sakudya, ndipo Flossie akangomuona amathawira m'bafa kukalira. Anthu a kwathu anamuperekeza ndi nthungululu pabwalo la ndege. Akatsika chimanjamanja, ine malume wake ndikanene kuti digiri yake ndinadya ndi mphanda?

Pempho langa ndi laling'ono. Mumpatse chaka china, muitanitse ziwindi zina, monga mukanachitira zikanaolera m'firiji yanu ija.

Ngati zimenezi zavuta, musadandaule, ziwindizo sizinatayike. Zili mwa ife. Tonse asanu ndi awiri tagwirizana kubwera ku ofesi yanu Lolemba pa 19 Ogasiti mmawa kuti mutiyeze. A Bishop akuti kuyambira tsiku lija akumeta kawiri pa tsiku, ndipo akazi awo akuti masitepe akukwera modumpha. Mwina nzeru imene munkaifuna ku Australia ikupezeka ku Sparkhill.

Tidzavula nsapato tisanaponde kapeti. Chokhacho bwana, mukatitenga magazi musakawasunge m'firiji yanu. Ndinafunsa Lachinayi lapitali, akuti ikadali yakufa.

Ine wanu wosaphunzira, wodya zimene ophunzira alephera kusunga,

Albert Chimkwende