Dzina la Mwanayu Tivotera

Lolemba

Mwana wabadwa dzana. Wamkazi. Ine bambo wake sindinamuone, ndikungomumva kulira. Ali m'chikuta ndi mayi ake, Nabanda, ndipo mwamuna saloledwa kuponda m'menemo mpaka mchombo utagwa. Ndikugona m'chigafa cha fodya, chisanu cha ku Msakambewa chikundilowa mpaka m'mafupa.

Vuto ndi dzina. Mwambo umati mwana woyamba amatcha ndi akuchimuna, wachiwiri akuchikazi. Nanga uyu ndi wachingati? Chaka chatha tinali ndi wina, anapita ali m'chikuta momwemo asanatchedwe dzina. Amayi okhaokha ndiwo anakamuika kudambo, mwakachetechete. Ndikati uyu ndi woyamba, ndiye kuti uja ndamufufuta pamaso pa mkazi wanga. Ndikati ndi wachiwiri, abale anga ati kuchikamwini kuno anandidyetsa khuzumule.

Koma ndapeza nzeru! Dziko lasintha, ino ndi nthawi ya matipate. Dzina tivotera, Loweruka likudzali. Munthu aliyense njere imodzi ya chimanga, dzina lililonse mphika wake. Palibe wodandaula, palibe wowerenga ana. Langa ndi Ufulu, ndipo sindikukayika kuti lipambana.

Lachiwiri

Ndatuma a Gelesomu, malume a mkazi wanga, kuti akafotokozere apongozi, poti ine ndi apongozi sitiyang'anana kumaso. Yankho silinadikire wamthenga. Labwera lokha kuchokera kuseri kwa nkhokwe, mokweza kuti ndi mbuzi zomwe zimve. Akuti zala ziwiri zathu za matipate zija zakweza kale mtengo wa mchere, tsopano zikufuna kulowa ndi m'chikuta momwe. Akuti mkamwini ntchito yake ndi kufolera nyumba.

Komabe dzina apereka: Tayani. Akuti imfa ikamva dzina lotere imayesa ndi chinthu chotayidwa kale, imalambalala. Mwana wanga, Tayani! Akadzakhala namwino odwala azidzamuitana bwanji?

A Gelesomu avomera kuyang'anira chisankho. Zofuna zawo ndi izi: mpando wa ndalema, jekete langa la kutchalitchi, ndi kena kake kotsukira kukhosi.

Lachitatu

Atulukira alongo anga a Naphiri kuchokera ku Chisepo, wapansi, fumbi mpaka m'mawondo, nkhuku yathadzi kukhwapa. Wotcha dzina amaperekanso mphatso, ndiye nkhukuyo ndi chizindikiro choti iwo nkhani anaimaliza kale kwawo. Dzina ndi Esinati, la malemu mayi athu. Zovota aziseka mpaka kutsokomola. Akuti chovotera palibe, mwana woyamba ndi wathu.

Kuseri kwa nkhokwe kwamveka mawu: "Woyamba? Nanga amene tinakamuika kudambo uja chinali chitsa?"

Chikuta chili pafupi, khoma lake ndi lopyapyala, Nabanda wamva ndithu. Mtima wandiwawa. Chimene ndimathawa chija chandipeza ndili chilili.

Ndafotokozanso za demokalase. Onse awiri avomera, koma osati chifukwa cha ine. Apongozi awerengera mbumba yawo. A Naphiri angofunsa ngati alendo amavota nawo, kenako apita kukaona amayi akwaya, akuti kungowapatsa moni.

Lachinayi

Kampeni yayamba. A Naphiri akugawa timchere tokulunga m'masamba. Apongozi aphika thobwa mbiya yathunthu. Ine ndikugawa mfundo. Wandimvetsera ndi mkulu mmodzi yekha, nayenso pomaliza wafunsa ngati Ufuluyo abwera ndi feteleza.

Masana mwana wasiya kulira.

Azamba alowa, atuluka, alowanso. Akuti sakuyamwa. Chaka chathanso zinayamba chomwechi.

Ndakhala pachitsa moyang'ana chitseko mpaka dzuwa kupendeka. Ndikuopa, ndisaname. Kaya Ufulu, kaya Tayani, kaya Esinati, angamutche Chitsa chomwe ndakhalirachi, bola akhale moyo. Apongozi ndi a Naphiri akhala pa mphasa imodzi, akutongola chimanga mu lichero limodzi. Thobwa palibe walikhudza.

Lachisanu

Wayamwa! Akulira ngati wina wamubera. Sindinamvepo phokoso lokoma chonchi. Azamba akuti linali bere chabe, linatupa, mwana amalephera kuligwira. Ndavina ndekha m'chigafa mpaka kugunda mutu pa mtanda.

Mtendere wa pa mphasa uja watha dzuwa lisanafike paliwombo. Mchere wayambanso kuyenda.

Zokonzekera zatheka. Miphika itatu ili kuseri kwa chigafa, kuti voti ikhale yachinsinsi. Poti ambiri kuno sawerenga, ndaika zizindikiro: wa Ufulu tsamba la fodya, wa Tayani chitsononkho, wa Esinati nthenga. Inki yopaka pachala palibe, tigwiritsa ntchito mwaye.

Ndayandikira khoma la chikuta n'kufunsa Nabanda kuti voti yake ndikamuponyere pati. Wayankha motopa: "Inu pitirizani masewera anuwo, bola musandidzutsire mwana." Ndaona kuti ali mbali yanga.

Loweruka

Tsiku la chisankho. Zomwe ndaona ndi maso angawa:

A Gelesomu ayamba kutsuka kukhosi tambala asanatsike m'mtengo. Pofika nthawi yoyamba kuvota ali mkonono pa ndalema, m'jekete langa.

Mwaye umachoka ndi malovu. Amayi ena akubwerera pamzere ngati kuchigayo.

Amayi akwaya abwera akuyimba, zibakera zili zofumbata. Njere imodzi sifumbatidwa choncho.

Agogo ena athira m'miphika yonse, akuti safuna kukhumudwitsa munthu.

Ndili mkati modandaula, nthungululu kuchikuta. Mchombo wagwa! Mzere wonse wabalalika, ovota, amayi akwaya, ine ndemwe patsogolo. Taimirira pakhomo kusekerera ngati zitsiru, ngakhale mwanayo sitimuona mpaka mawa.

Pobwerera ndapeza thadzi la a Naphiri ladula chingwe, laitana anzake a m'mudzi muno. Miphika iwiri ili chafufumimba. Mavoti onse a Tayani ndi Esinati ali m'mimba mwa nkhuku. Wa Ufulu wokha ndiwo uli chilili, nkhuku zangosuzumiramo n'kuchoka. Ndasuzumiramo nanenso. Mulibe kanthu. Njere yanga ndaipeza m'thumba la kabudula, ndinaiwala kuponya.

A Gelesomu adzuka n'kulengeza kuti chisankho chayenda bwino, mwabata ndi mwachilungamo.

Lamulungu

Amutulutsa m'mawa uno, atamumeta ndi kumusambitsa. Azamba amuika m'manja mwanga. Wopepuka ngati ndindi ya fodya, mphuno yanga yeniyeni, mwana wosaukayu.

A Naphiri akonza kukhosi. Kuseri kwa nkhokwe nakonso kwamveka kukonza kukhosi. Ine ndati basi, nkhondo ija yafika.

Nabanda wakhala pakhonde, wowonda, maso olowa. Wayankhula motsitsa mawu, tonse tachita kuyandikira.

"Dzina ali nalo kale. Ndinamutcha tsiku lomwe anabadwa, azamba asanadule n'komwe mchombo. Mkulu wake anapita ndilibe chomuitanira, mpaka lero ndikamulota ndimasowa pomuyambira. Ndiye uyu ndinati kaya akhala kaya apita, koma wopanda dzina ayi. Ndi Tsala."

Mkulu wake. Watero pamaso pa onse, ndipo palibe watsutsa.

Apongozi ang'ung'udza kuti mwana satchedwa ali m'chikuta, mwambo wasweka, koma mawu awo amamveka ngati a munthu wa chimfine. Kenako alengeza kuti Tsala ndi Tayani n'zapachibale, ndiye apambana ndi iwo. A Naphiri apukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, akoka thadzi lija n'kuliika pamapazi pa Nabanda. Akuti Esinati adikira ubatizo, sathawa. Nawonso akuti apambana.

Woluza ndine ndekha. Sabata yathunthu kuchititsa chisankho pa mpando woti mwini wake anakhalapo kale. Jekete likununkha kachasu, miphika iwiri ya apongozi yang'aluka ndipo ndauzidwa kale, kudzera kuseri kwa nkhokwe, kuti woumba ali ku Bowe. Dzina la Ufulu anthu alipereka kwa thadzi lija, poti silimva chingwe. Chabwino, bola lagwira ntchito.

Tsala wagona pachifuwa panga, akupuma bwinobwino. Njere ija ndikabzala kudimba.

Mkulu wa feteleza uja wadutsa madzulo ano, wandipatsa moni kuti a bambo a Tsala, n'kufunsa ngati ameneyu ndiye woyamba. Ndamuyankha kuti ayi, ndi wachiwiri.