Singano Khumi ndi Lilime Limodzi

Lolemba, 3 Ogasiti
Miyezi isanu tsopano m'kamwa mukuyaka ngati ndatafuna kambuzi. Kuchipatala aunika ndi tochi: palibe chilonda, palibe chotupa. Mlamu wanga NyaChirwa yekha ndiye wawapeza matendawa. Akuti ndi miseche, lilime latopa kunyamula anthu. Wauza msika wonse wa Chintheche.
Koma lero Mulungu wayankha! Kwabwera dokotala wamayi amene anaphunzira ku China, amachiza pobaya tisingano. Loweruka ndine mlangizi wamkulu pa chilangizo cha ukwati wa mwana wa mchemwali wanga. Ndikafike nditachira, mlamu ameze mawu ake anthu akuona.

Lachiwiri, 4 Ogasiti
Tisingano khumi, towonda ngati minga ya usipa. M'masaya, pachibwano, m'manja, kuphazi. Kuphazi! Ndikufunsa ngati amva bwino pomwe pakupweteka, iwo akuti ndigone, ndisayankhule kwa theka la ola.
Theka la ola! Nkhani zitatu zikundiwira m'mimba. Koma podzuka, moto wachepa. Pobwerera ndikudutsa dala pabenchi ya mlamu kumsika, ndikumwetulira mpaka mano a kumapeto.

Lachitatu, 5 Ogasiti
Mlamu wafalitsa kuti ine, mayi wa Umanyano wa kutchalitchi, ndakatemera mphini. Mayankho anga:
1. Mphini amatema ndi lezala.
2. Sanandipake chakuda chilichonse.
3. Ndi sing'anga uti amavala magolovesi?
Ndafotokozera ogulitsa nsomba, atelala, mpaka makondakitala pasiteji ya minibasi. Onse agonja! Madzulo moto wabwerera. Ndikukayikira mchere wa mu usipa, mphepo ya mwera, kapena mlamu.

Lachinayi, 6 Ogasiti
Singano kachiwiri. Dokotala akuti, "Ama, njirayi ena imawathandiza, ena ayi, ndipo imatenga milungu." Ena amenewo si ine. Akufunsa kuti mumayaka kwambiri nthawi yanji. Madzulo. Nanga masana ndimatani? Ndikuwafotokozera bwinobwino. Akuyang'ana wotchi kawiri, kenako akulemba kanthu.
Theka la ola chete. Mwazizira ngati madzi a mumtsuko. China ndi China basi!

Lachisanu, 7 Ogasiti
Dokotala apita ku Mzuzu, abwera sabata yamawa. Kuti thupi lisaiwale, ndikugona pamphasa nthawi yomweyo, pakamwa potseka, popanda singano.
Moto wachepa. Chimodzimodzi dzulo.
Mtima wangoti phwii. Ndikuyesanso. Kucheza ndi mnansi wanga NyaBanda pampanda ola limodzi: moto. Kukhala chete: kuzizira. Kuchezanso, poti nkhani ya mpongozi wake inali isanathe: moto.
Izi asazidziwe munthu.

Loweruka, 8 Ogasiti
Tsiku langa! Ndalangiza maola atatu osakhala pansi. Kaphikidwe ka kondowole, kasamalidwe ka mwamuna wobwera kunyanja chimanjamanja, kakhalidwe ndi alamu (apa ndayang'ana kumene ndayang'ana). Nthungululu mpaka kumsewu! Amayi ena alira, mkwatibwi wandikumbatira. Ndalengeza kuti singano zandichiritsa, manja aomba. Mlamu wangoyang'ana pansi, akutokosa dothi ndi chala chakuphazi. Ndapambana!
M'kamwa muli ng'anjo. Ngakhale tiyi ndamukana.

Lamulungu, 9 Ogasiti
Kutchalitchi ndikungogwedeza milomo, nyimbo akuimba anzanga. Potuluka mlamu wanditsamira: "Mwachiradi, mlamu?" Ndangogwedeza mutu. Zaka makumi awiri, kanali koyamba kuti andifunse kanthu ine osayankha. Wachita mantha. Masana wabwera ndi phala la mpunga, wakhala pakhonde, akundigwira pachipumi. Takhala chete awiriwiri, ndipo moto wazimiratu. Zandiwawa kuposa lilime.
Kwa dokotala ndipitabe, mwina singano zikuchitako mbali yake. Koma mankhwala enawo ndawapeza, ndi aulere, ndipo anayamba kuwatchula ndi mlamu. Sindingawakwanitse. Mawa kuli msika, ndipo ya mpongozi wa NyaBanda sindinauze aliyense.