Holo Ili Kumbuyo kwa Nsalu

Lolemba
Zatsimikizika. Holo yakale ya tauni akuipereka kwa munthu wogulitsa simenti, ndipo khonde lake ligwetsedwa kuti malole azilowa bwino. Mayi wa ku ofesi yosunga zakale akuti angathe kuimitsa zimenezi ngati pofika Loweruka ndimupatsa zithunzi zoonetsa holoyo m'masiku ake, khonde ndi nsanamira zake. Ntchito yopepuka. Theka la Kabwe linakwatirana m'menemo.
Zonyamula mawa: envulopu yaikulu, ambulera, mapilisi a mawondo.

Lachiwiri
Ku Natuseko kwa Ba Daka, mnzanga wa ku njanji. Tiyi kawiri, mbiri yonse ya nsana wake, kenako alubamu. Ukwati wake ulimo, iye wowonda ngati bango. Kumbuyo kwa akwati kuli nyumba zosanjikizana za mzinda wosadziwika, pamwamba pake ndege. Akuti wojambula wa nthawi imeneyo ankapachika nsalu yopentedwa pakhonde, anthu n'kuima patsogolo pake.
"Holo ili kumbuyo kwa nsalu, mudala. Ilipo ndithu."
Ndikumukhulupirira. Kaya mayi uja.

Lachitatu
Ku Chililalila. Makomo asanu, zithunzi khumi ndi chimodzi.
Ndege yomwe ija: zisanu ndi ziwiri.
Mathithi: zitatu.
Sofa ndi wailesi, zonse za penti: chimodzi.
Holo: palibe.
Pakhomo lomaliza, Amake Tisa akundiyang'ana ngati ndadwala. "Manje ndani angafune chipupa pa sinapu ya ukwati? Chipupa tinali kuchiona masiku onse." Akundipatsa mbatata, ndadya.

Lachinayi
Wojambula uja anamwalira kale. Mwana wake wamkazi amagulitsa makala pamsika. Mabokosi a zithunzi za bambo ake akuti anadyedwa ndi chiswe, koma nsalu ya ndege ilipo: ndiyo amafunditsira matumba mvula ikabwera. Wandifunyululira. Ndege yatsala ndi phiko limodzi. Ndaimirira nthawi yaitali, mpaka wandifunsa ngati ndikugula.

Lachisanu
Chiyembekezo! Ba Daka aimba foni: pali chithunzi cha mlamu wawo, tsiku limenelo mphepo inakweza nsalu. Ndathamanga, monga mmene mawondo amalolera. Pangodya yakumunsi pakuoneka tsinde la nsanamira ndi theka la njinga. Ndayang'ana ndi magalasi anga, ndayang'ananso ndi a Ba Daka. Ingakhale nsanamira ya holo. Ingakhalenso ya chipatala, ya sitesheni, ya bala iliyonse. Ndaika mu envulopu.

Loweruka
Mayi wa ku ofesi uja wayala zonse patebulo. Ndi munthu waulemu, wayang'ana chimodzichimodzi. Akuti tsinde la nsanamira silingaimitse kanthu. Kenako akufunsa ngati nsaluyo ikadalipo, chifukwa imeneyo ndiye mbiri yeniyeni ya anthu a m'tauni muno, iyenera kusungidwa. Ndamulozera kwa mayi wa makala.
Pobwerera ndadzera ku holo. Amuna awiri akuyeza khonde ndi tepi. Ndajambula ndi foni. Mwina ndine woyamba.

Lamulungu
Sindinapite ku tchalitchi. Mlungu wonse ndakhala ndikutsegula maalubamu a eni, lero ndatsegula sutikesi yanga. Ine ndi mkazi wanga, malemu amake Joyce, titangobwera kumene kuchokera ku Petauke, jekete yobwereka, maluwa a pulasitiki. Kumbuyo kwathu, ndege.
Ndikukumbukira bwino tsopano. Wojambula anali atapachika nsalu mokhota, chipupa cha holo chikuonekera kumanzere. Amake Joyce anati zilibe kanthu, tijambulitse, nsapato zikuwawa. Ndine ndinakana. Chithunzicho chinali chopita kumudzi, ndipo ndinafuna aone kumene tafika. Ndinakwera pampando ndekha, ndi jekete ya eni, n'kuikoka nsaluyo mpaka chipupa chonse chitabisika.
Ndinaikoka bwino kwambiri. Sipakuoneka ngakhale njerwa imodzi.