Diramu la Sevenideizi ndi Tebulo la Amake Tisa

Lolemba, Chawama

Mkazi wanga, amake Tisa, akwera basi ya ku Katete pamodzi ndi mwana, amayi awo akudwala. Abwera Lamulungu. Tsoka lake, Lamulungu lomwelo ndiye akuluakulu a chipani akugawa matebulo pamsika watsopano. Latsala limodzi, olifuna ndi chigulu. Mkazi wanga watha zaka zitatu akugulitsa tomato pa saka m'mbali mwa msewu, fumbi likatha matope. Khadi la chipani ali nalo, misonkhano saphonya, kubwalo la ndege amakavina alendo akamabwera. Koma tebulo ayi.

Nzeru yanga nayi. Chawama yonse ikudziwa kuti ba Tcheyamani a chipani sasaina pepala kukhosi kuli gwa. Ndifulula mowa wa masiku asanu ndi awiri, sevenideizi weniweni, Lamulungu ndiwaitana. Sindinafululepo, koma ndaonerera mkazi wanga kambirimbiri, ndipo munthu wonyamula mafayelo a boma sangagonje ndi phala. Ndili pa tchuthi, nthawi ilipo.

Zilipo: diramu, nkhuni, chimera chimene anasiya amake Tisa, mgaiwa (mzere wa maola anayi!).

Phala lapsa. Chala chapsanso.

Lachiwiri

Ndathira chimera. Kafungo kabwino! Ku ofesi chinthu sichifika kwa bwana chisanadutse m'manja angapo, choncho ndakhazikitsa komiti yolawa:

1. Ba Mulenga, oyandikana nafe, Mbemba amene anagwirapo ku migodi. Akuti palibe mowa m'dziko muno umene sadziwana nawo.
2. Ba Tembo atelala, a kwathu kum'mawa, mkulu wa mpingo wathu. Samwa, amangolawa.
3. Ine, mlembi.

Ba Tembo alawa makapu atatu, akuti ili likadali thobwa, kumwamba alibe nalo mlandu. Ba Mulenga akwinya nkhope, anditchula bambo a Tisa m'Chibemba chawo: "Bashi Tisa, iyi ni tiyi ya bana. Fakanimo munkoyo." Mizu ya munkoyo, yofululira chakumwa cha kwawo, anabwera nayo kale m'thumba. Ndathira yonse.

Lachitatu

Wayamba kuwira! Ndaima pambali pa diramu kumvetsera, mtima mbee.

Ba Mulenga abwera ndi mlamu wawo, dalaivala wa malole. Walawa, akuti mowawu ulibe giya, ukufuna shuga. Shuga mu Lusaka muno! Ndaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo, ndapeza paketi imodzi, ndathira. Tsopano ba Tembo akuti watsekemera kwambiri, uyenera kuothera dzuwa kuti ukhwime. Takokera diramu pabwalo, tachotsa chivundikiro kuti upume.

Komiti yafika anthu asanu ndi atatu. Sindikukumbuka kuti ndinawasankha liti. Aliyense wabwera ndi kapu yake, aliyense akudzitungira yekha.

Lachinayi

Wasasa. Pang'ono chabe, ndikuganiza. Zotsatira za kulawa:

Ba Mulenga: atsinzina, amenya phazi pansi, akuti ndi momwemo, mowa wa amuna umaluma.
Mlamu: akuti ukufanana ndi madzi a batire. Wapempha kapu ina kuti atsimikize.
Mamembala anayi atsopano: awiri akuti bwino, mmodzi wathamangira kuseri, wina wafunsa ngati ndingamugawireko wotsukira mapoto.
Galu wa ba Mulenga: wanunkhiza, wayetsemula, wapita.
Ba Tembo: kakumwa kamodzi, masaya akokana. Andiyang'ana nthawi yaitali. Afunsa kuti amake Tisa anachoka liti. Ndati Lolemba. Apukusa mutu, apita osatsazika.

Sindikumvetsa vuto la mkuluyu.

Lachisanu

Ndathira soda wa therere kuti aphe kusasako. Diramu lafufuma, thovu mpaka pakhomo pa ba Mulenga, theka la mowa lathera pansi. Wotsalawo ukaugwiritsa lilime mano amayayamira.

Kupompi amayi asiya nkhani nditangofika. Mmodzi wandipatsa moni: "Mwauka bwanji, ba bachela?" Ena abisa nkhope m'zitenje.

Madzulo ba Tembo abwera atavala jekete la kumpingo. Akhala pansi, andikumbutsa za kwathu: mowa susasa wokha. Umasasa wofulula akagona ndi mkazi masiku ofulula, n'chifukwa chake makolo ankasiyana mphasa mpaka mowa utapsa. "Manje imwe akazi anu ali ku Katete. Nanga mowa wasasa na ndani?"

Ine! Ine amene sabata yonse mnzanga wakhala chikuni! Ndalumbira mpaka mawu asasa. Akuti andipempherera. Atenga kapu ina, akuti ndi umboni.

Zandiwawa kwambiri. Zaka zonsezi sindinayang'anepo kumbali.

Loweruka

M'mawa anthu akuti ndinagona ndi mkazi wa ku Kanyama. Masana akhala awiri, wina ndi nesi. Ba Mulenga andigwira chanza ndi manja awiri: "Mudala, simuoneka!" Ndafotokoza za munkoyo, za dzuwa, za soda. Palibe akumva, nkhani ya nesi ndiyo ikukoma.

Ba Tcheyamani afika okha tsiku lisanakwane, fungo lawaitana. Kapu imodzi, misozi chuchuchu. Akuti dokotala anawaletsa zowawasa, andibwezera kapu mwaulemu. Potuluka ndiye akundiuza kuti matebulo sagawa iwo, imeneyo ndi ntchito ya ba Tcheyaledi, amayi Banda, mkulu wa amayi a chipani.

Zimene ndikudziwa za amayi Banda: ndi a ku Chadiza, miyambo ya kwathu amaidziwa yonse. Mowa samwa. Amuna awo anawathawa ndi kamtsikana ka ku Matero.

Ndafa ine. Tebulo lapita, ndipo mawa basi ya ku Katete ikufika.

Lamulungu

Nkhani yawachingamira amake Tisa pa siteshoni. M'nyumba sanalowe n'komwe, amayi Banda awagwira mkono, ulendo kumsonkhano. Ine ndatsala ndi diramu, ntchentche ndi katundu wawo.

Amake Tisa abwera dzuwa litapendeka, pepala m'manja. Tebulo ndi lawo! Akuti amayi Banda anaimirira pamaso pa onse: "Mukazi wa mwamuna wa so afunika tebulo yake, azidyesa mwana eka." Amayi anaomba m'manja, ena kulira kumene.

Kenako amake Tisa atunga mowa, alawa, alavula. Awerenga pa zala: munkoyo, shuga, dzuwa, soda, makapu osatsuka a komboni yonse. "Inu simunagone ndi munthu. Ndani angakufuneni ndi fungo la utsi limeneli?"

Mawu okoma chotere sindinawamvepo! Ndatola jekete kuti ndikauze ba Tembo, kupompi, kumsika, konse. Andigwira malaya.

"Mukangoyamba kudziyeretsa, tebulo alanda. Khalani chete."

Ndafunsa kuti mpaka liti. Akuti mpaka Tisa atsirize sukulu. Tisa sanayambe n'komwe.

Mowa wotsala atenga ba Mulenga mu ndowa, akuti wabwino chotere sanamwepo chichokere ku migodi. Diramu ndatsuka, ndalivundikira. Mawa ndinyamulira amake Tisa tomato kumsika, kenako ndibwerere ku mafayelo anga. Ba Tembo atumiza uthenga kuti Lachitatu ndikaonekere kwa akulu a mpingo, ndikaulule zonse. Amake Tisa akuti ndipite, ndipo ndisakachite chibwibwi.

Ndili pano ndikupeka dzina la nesi uja.