Tsiku Limene Ndinalamineta Mkazi Wouluka

Pali zabwino zina zimene ukazichita, umalakalaka ukanangopinda manja n'kukhala phee. Zanga ndinazichita ku Bradford mu 2014, ndipo amene ndinawachitira sanandipemphe n'komwe.

Nthawi imeneyo ndinkasamalira okalamba m'nyumba zawo. Mmodzi mwa iwo anali a Walter, mkulu wa ku America amene anatha zaka makumi anayi akujambula mabuku a makatuni, aja a ziphona zouluka zovala kabudula pamwamba pa thalauza. Anayambira ku New York ali mnyamata, akufufuta mizere ya pensulo pa zojambula za anzawo. Kenako anawalola kugwira inki, mpaka dzina lawo linayamba kuoneka pachikuto. Kuno anabwera potsatira akazi awo, a Joan, omwe anamwalira ine ndisanayambe ntchito pakhomopo.

Zonse zimene anajambula zinatsalira ku makampani. Iwo anali ndi tsamba limodzi lokha, loyamba kulijambula paokha: mkazi akuuluka pamwamba pa madenga, nkhope yake ili ya a Joan. Tsambali linandilowa m'mutu. Ndikakhala pawindo m'basi yam'mwamba, ndinkaona ngati woulukayo ndine, ndikudutsa pamwamba pa machumuni a Bradford, chitenje chikukupiza, mvula ikundipatukira, mpaka kukatera pa msika wa Limbe anthu ali kukamwa yasa. (Kawiri konse ndinapitirira siteji yanga.)

Koma kasungidwe kake kankandiwawa. Linali mu envulopu yothaitha, pansi pa bedi, m'nyumba yachinyezi. Pepala litachita chikasu, timapepala ta mawu tomata ndi guluu tikumatuka, m'mphepete muli zolembalemba za pensulo. Ndiye ndinamva kuti laibulale ina ku Leeds ikufuna kudzaliika pachionetsero, a Walter ali mlendo wolemekezeka. Kwathu chinthu chofunika sitichisiya pamtetete. Satifiketi yanga ya Fomu 4 ndi yolamineta, ya ukwati yolamineta, ngakhale khadi la kusikelo la mwana wanga ndinalilamineta atangomaliza katemera.

Mpata unapezeka tsiku limene a Walter anapita kuchipatala kukachotsedwa ng'ala m'diso. Ndinatenga envulopu ija osapempha (inde, ndikudziwa, musandiyang'ane choncho). M'basi ndinali kale pachionetsero: magetsi akuwala, azungu akuwomba m'manja, a Walter akundiloza ndi ndodo yawo kuti mayi uyu ndiye anapulumutsa tsambali.

Bambo wa pashopu ya fotokope analitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa kawiri ngati mwiniwake akudziwa. Ndinayankha kuti ndikufuna ndiwadabwitse. Tsambalo linali lalikulu kuposa makina, choncho ndinamuuza kuti adule m'mphepete, poti munali zolemba zopanda pake. Anadula. Tizidutswato ndinatitola n'kutiponya m'chikwama, osati mwanzeru ayi, kungoti sindisiya zinyalala pakauntala ya eni.

Makina analimeza pang'onopang'ono, kenako ndinamva kafungo. Potuluka, guluu anali atasungunuka, mawu atasuntha, kapepala kena katakakhala pachipumi penipeni pa mkazi uja. Utoto woyera umene ankabisira zolakwika unali utayenderera ngati phala. Koma linkawala, abale, linkawala ndithu, ndipo ndinadzilimbitsa mtima ndi kuwalako.

M'mawa mwake ndinawathandiza a Walter kuchotsa chophimba kudiso. Tangoganizani, munthu wakhala zaka akuona chimbuuzi, ndiye chinthu choyamba kuchiona bwinobwino n'kukhala ntchito ya manja anga.

Nditawapatsa tsambalo, analigogoda ndi chala.

"Kodi chipulasitikichi chimachoka?"

"Sichichoka, bambo. Ubwino wake ndi umenewo." Mawu omalizawo anatuluka ndi kamawu kosakhala kanga.

Anandifotokozera mofatsa kuti a laibulale sangalilandirenso lili chonchi, ndipo palibe katswiri amene angalibwezeretse. Sanakalipe, ngakhale ine ndikanakonda akanakalipa. Kenako anayendetsa chala m'mphepete, nkhope yawo n'kusintha.

"Apa panali mawu. Ali kuti?"

Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti zolemba zopanda pake zija analemba ndi a Joan. Ankagwira ntchito ya taipi mu ofesi yomwe a Walter ankajambuliramo, ndipo ataona nkhope yawo patsambalo, analemba m'mphepete kuti: "Mphuno yanga si yotere. Mundigulire khofi, ndikukhululukirani." Banja lawo linayambira pamenepo.

Ndinakhuthula chikwama pakapeti: makiyi, magolovesi, mabisiketi ofumbutuka, matikiti a basi a chaka chonse. Ndinkapemphera m'Chichewa mokweza osazindikira. Kachidutswako kanapezeka katamatirira ku botolo la mafuta odzola, katapindika koma mawu onse alipo. A Walter anakawongolera pabondo lawo, misozi ikutsika, ine ndikuwakumbutsa kuti adokotala anati asatikite diso, kwinaku nanenso ndikulira. Manyazi ngati amenewo sindinawamvepo chibadwire.

Chionetsero chinachitika popanda tsamba lija. Kwa mabwana anga sanandinenere, koma kwa milungu iwiri tinkangolankhulana za mankhwala ndi tiyi basi. Kenako tsiku lina anandipatsa pepala, chinthu choyamba kujambula ndi diso latsopano. Panali chimayi choopsa chovala chitenje, chikuuluka pamwamba pa Bradford chitanyamula makina, anthu akuthawa balalabalala, ena ataumira kale m'pulasitiki. Nkhope inali yanga ndendende, sindikanakana.

"Ichi ndi chako," anatero. "Koma undilonjeze kuti uchisiya chipume."

Ndinalonjeza, ndipo ndinapirira miyezi inayi yathunthu. Kenako kunayamba kuzizira, khoma la kuchipinda kwanga linayamba kuchita nkhungu, ndipo ngodya ya pepalalo inayamba kupindika. Bambo wa pashopu uja atandiona ndikulowa ndi envulopu, sanafunse kanthu. Anangopukusa mutu n'kuyatsa makina.