Chidindo cha fakitale pa injini ya apongozi

Anzanga, ine ndi munthu wosamva kuti "sizingatheke", ndipo khalidwe limeneli ndi lomwe linandivula ulemu ku Chiwanga, kwawo kwa mkazi wanga.

Apongozi anga aamuna ali ndi galimoto yakale ya nthawi ya Apwitikizi, imene inakhala zaka pansi pa mtengo wa mango nkhuku zikuikiramo mazira. Mwana wawo womaliza, mlamu wanga, atapeza banja, iwo analumbira kuti mkwatibwi akwera galimoto imeneyo basi. Makaniko wa ku Metangula anaidzutsa injini, koma chivundikiro chake cha pamwamba, cha aluminiyamu, chinali chong'aluka ndipo chinkalavula oyilo. Ine, mkamwini wowotcherera mageti ndi njinga, amene pabanjapo ankangonditcha "uja wochokera ku Malawi", ndinaona kuti mwayi wopanga dzina ndi umenewu. Ndinawauza kuti andisiyire, chikawala mpaka adzadziwonerapo nkhope.

Vuto ndi lakuti ine ndinazolowera chitsulo, chimene chimafiira kukuchenjeza kuti chapsa. Aluminiyamu safiira. Ndinayatsa gasi, ndikuwotcha, ndikudikira kufiira, ndikuwonjezera moto, kenaka ndinangoona pakati pa chivundikiro papita pansi ngati phala. Mng'alu wa chala chimodzi unasanduka dzenje lolowa chibakera.

Mukuganiza kuti ndinakagwada kwa apongozi? Ine? Ndinazungulira kuseri kwa khitchini yawo n'kupeza chisefuliya cha aluminiyamu chakuda bii ndi mwaye, chovundikiridwa pansi, ndipo mtima unandiuza kuti n'chotayidwa. Ndinadulapo chigamba chotsekera dzenje lija, zotsalazo ndinayeserapo moto mpaka dzanja linaphunzira, kenaka ndinawotcherera chigamba chija bwinobwino. Oyilo osadonthanso ngakhale pang'ono.

M'mawa mwake pakhomo panabuka chipwirikiti. Sefuliya yaikulu ya apongozi aakazi, yophikira mpunga pa maukwati, yasowa! Amayi anafunsa nyumba ndi nyumba, mpaka anasiya kulonjerana ndi mnansi wawo amene anaibwerekapo pa sadaka. Ine ndinathandiza nawo kufunafuna, ndipo ndinafuna mwakhama kuposa onse.

Ndinaganiza kuti chondipulumutsa n'kuwalitsa chigamba chija mpaka chisaoneke kuti chinakhalapo pamoto. Ndinachikwecha ndi sandipepa, kenaka phulusa, kenaka mankhwala otsukira mano pa kansanza, zala mpaka matuza. Mwaye utachoka panatulukira timadontho tokhomedwa ndi msomali, topindikapindika mokongola. Ndinayesa kutifafaniza, tinakana. Ndiye ndinati chabwino, ngati sitichoka tikhale tokongoletsa, ndipo ndinatitsuka ndi mswachi mpaka tinaoneka bwino kuposa china chilichonse pa injinipo.

Tsiku la ukwati galimoto inalira, mkwatibwi anafika, akazi akululutira. Apongozi aamuna, chimwemwe chitawakwera, anaitana alendo kuti adzaone ntchito ya mkamwini wawo, ndipo anatsegula boneti. Injini inali waliwali. Kwa nthawi yoyamba anandigwira paphewa n'kunditcha mesitiri, ndiye kuti mmisiri, ndipo kunena zoona misozi inalengeza m'maso mwanga.

Wina analoza timadontho tija n'kufunsa kuti n'chiyani. Pamenepo ndikanangokhala chete, koma pakamwa panga panayankha pokha kuti n'chidindo cha fakitale ya ku Ulaya, galimoto zakale zonse zimakhala nacho.

A shehe amene anamangitsa ukwatiwo anavala magalasi awo, anawerama, anapendeketsa mutu. Ine kumadarasa sindinapiteko, ndikanadziwa bwanji kuti amayi akuno amakhoma maina awo pa masefuliya m'zilembo za Chiarabu kuti asasokonezeke pa zochitika?

"Amesitiri," anatero a shehe mofatsa, "fakitale imeneyi ine ndikuidziwa. Dzina lake ndi Asiyatu, ndipo ndi apongozi anu awo akhala apowo akugawa mpunga wophikidwa m'mapoto obwereka."

Apongozi aakazi anabwera ndi chipande m'manja, anayang'ana injini, anayang'ana ine. Sanakalipe. Anangoti popeza sefuliya yawo tsopano ikuyenda ndi matayala, galimotoyo ndi yawo, ndipo ulendo wake woyamba ndiwayendetse ineyo kukapepesa kwa mnansi uja, boneti ili yotsegula.

Ndinawayendetsa, anzanga, mudzi wonse ukutsatira pambuyo. Aluminiyamu ndimawotchererabe, ndipo pano ndimamutha. Koma chitsulo chilichonse chokhala ndi timadontho, ngakhale nditachitola pakati pa nyanja, ndimayamba ndapita nacho kwa a shehe akandiwerengere.